Ngalawa Yoyenda Cham'mbali

Kalekale, nyanja ya Malawi isanaone sitima yautsi, makolo a anthu a ku Cham'mbali sankakhala kumene kuli zidzukulu zawo lero. Ena adali akumapiri, ena a m'madambo a kumadzulo kwa nyanja, ndipo sadali a pfuko limodzi ayi. Mwa iwo mudali a Linde, a Mphadwe, a Kwenda ndi a Mwale, anthu amene sakadadziwana n'komwe pakadapanda mavuto a nthawi imeneyo. Chidawasonkhanitsa ndi ngalawa, ndipo mpaka lero midzi yoyandikana nawo imawanyogodola kuti ndi ana a Nkhanu. Eni akewo dzinali sakwiya nalo. Mbiri yake, monga amaifotokozera akuluakulu akumeneko, imayambira pa munthu mmodzi, Kamphinda wa kwa Linde.

Kamphinda adabadwira m'mudzi wa patsinde pa phiri la Mphanda, phiri la nsonga ziwiri limene lili pamtunda wolowa m'nyanja, ndipo limaonekera kutali munthu ali pamadzi. Mayi wake adali Msekeni, mwana wa Nyamazawo, amene adatsika kumapiri ndi mbumba yake m'chaka cha dzombe. Msekeni adabereka ana angapo, koma amene adakula ndi awiri okha: Nalinde, wamkazi, amene adali wamkulu, ndi Kamphinda, mzime. Makolo atamwalira, awiriwa adatsala akuyang'anana okha, ndipo Kamphinda, ngakhale ndevu zidali zisanamere bwino, ndiye adali nkhoswe ya mlongo wake.

Mnyamatayu ankakonda kusema, koma kusemako sikunkamukonda iye. Akasema mpini unkatuluka wokhota, akasema chipande chinkatayira kumbali, ndipo mtondo umene adasemera mlongo wake udali wopendekera kotero kuti ankachita kuutchinjiriza ndi mwala posinja. Nalinde adali munthu wa pakamwa. Ankamuseka pamaso pa anthu kuti chilichonse chotuluka m'manja mwake chimayenda cham'mbali, ndipo kuti tsiku limene adzaseme chinthu chowongoka mvula idzagwa m'chilimwe. Komabe mtondo uja sadautaye, ngakhale mwamuna wake adamubweretsera wina wabwino.

Tsiku lina m'mawa awiriwa ali kudimba, kudatulukira anthu amfuti. Nalinde adali ndi pakati potopa ndipo sakadatha kuthamanga. Kamphinda adamukankhira m'bango, iye nathamangira poyera akukuwa ngati wamisala, kuti onse atsate iye. Adamutsatadi, namugwira, namuika goli m'khosi. Pamene ankamutsitsira kudooko sadacheukeko kubango kuja ngakhale kamodzi, poopa kuti maso ake angaulule. Choncho adachoka kwawo osadziwa ngati mlongo wake adapulumuka kapena ayi, ndipo funso limeneli ndi limene adakhala nalo moyo wake wonse.

Masiku amenewo amalonda ochokera kunyanja yamchere adali atapanga ngalawa zikuluzikulu zamatabwa, za mlongoti umodzi ndi thanga lansalu la ngodya zitatu, zimene zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi anthu kupita kutsidya la kum'mawa. Ambiri mwa ogwidwa akafika kutsidyako ankapitirira wapansi ndipo sankamvekanso. Kamphinda sadapitirire. Munthu amene ankakapa madzi m'ngalawa imene adakweramo adali atangomwalira, ndipo mwini ngalawayo ataona mikono yaitali ya mnyamatayu adalamula kuti amutsitsire pansi, amupatse chikho.

Ngalawa yamatabwa imadontha nthawi zonse, ngakhale itapangidwa ndi mmisiri wotani, ndipo imafuna munthu wokhala m'mimba mwake kuti azikapa madziwo. Kamphinda ankaima pamiyala imene ankaiunjika pansi kuti ngalawa isagudubuzike, madzi ali m'maondo, akutunga ndi chikho chachikulu n'kumapereka kwa wina amene adali pamwamba. Pamutu pake padali nsanja yamitengo pomwe ankagoneka ogwidwa mothithikana, ndipo zonse zotsika pansanjapo zinkatsikira pa iye. Pamwamba penipeni ndi pamene padali amalinyero. Iwo ankaphika mpunga pamoto wosonkha m'bokosi lamchenga, ankaimba pokweza thanga, ankaomba ng'oma ndi lipenga akaona mtunda, ndipo mphepo ikaleka ankangokhala, kusoka zingwe ndi kukangana, ngalawa ili njo pakati pa nyanja mpaka chakudya kuyamba kuchepa. Kamphinda zonsezi ankangozimva ndi makutu. Chake chidali nkhoko za mumphika ndi kachidutswa ka chinangwa chouma.

M'zaka zimenezo adaidziwa ngalawayo kuposa eni ake. Nthiti zake zonse adazipapasa ndi manja mumdima, adadziwa mmene thabwa limakumanirana ndi linzake, mmene amakhomera thonje loviika m'mafuta m'ming'alu, ndi pamene tsinde la mlongoti limakhala. Mphepo ankaidziwa ndi kulira kwa matabwa: mwera unkaliza kwina, mpoto kwina. Koma ngalawa ikakokeredwa pamchenga kuti aipale ndere, iye ankamutsekera m'nyumba atamumanga, chifukwa kapolo akaponda mtunda amakumbuka kuti ali ndi miyendo. Motero ngalawa adaidziwa monga mwana adziwira mimba ya mayi wake, m'kati mokha.

Ufulu wake udabwera ndi mwera. Tsiku lina masana mphepo idakankhira ngalawayo pamatanthwe a kutsidya la kum'mawa, ndipo idasweka n'kumira pakuya. Amalinyero amene adapulumuka adathamangira kukaitana anzawo, ndipo Kamphinda ndi ogwidwa ochepa amene adafika pamtunda adalowera kwina, ena akukoka unyolo. Atayenda m'miyala ndi m'nkhalango adafika pakagombe kobisika kuseri kwa mapiri, pamene kamtsinje kamathira m'nyanja, ndipo adapezapo anthu ena othawa ngati iwo. Onse adali a kutsidya la kumadzulo. Adamanga timisasa, nalima timinda m'zigwa, nakwatirana. Kamphinda adakwatira Namphadwe, mkazi wosalankhulalankhula, katswiri woluka mikeka. Koma madzi a m'ngalawa adali atamudya miyendo: idali yotupa ndi yong'aluka, ndipo ankayendera ndodo ngati nkhalamba akadali bambo wamphamvu zake. Kukacha bwino ankakwera pathanthwe n'kumayang'ana kumadzulo, ngakhale kuchokera pamenepo phiri la Mphanda silinkaoneka.

Adakhala pamenepo zaka zingapo mwamtendere. Kenaka, mvula yoyamba itangogwa, alenje a anthu adagwira mayi wina kumtsinje, ndipo onse adadziwa kuti malo awo adziwika. Mitsinje idadzaza, udzu udatseka njira, koma aliyense ankadziwa kuti tchire likadzapsa alenjewo adzabwera ambiri. Kumtunda kudalibe kothawira. Mabwato amene adali nawo adali ang'onoang'ono, ophera nsomba m'mphepete, osati oolokera nyanja yonse ndi ana ndi nkhalamba. Pamsonkhano umene adachita, Kamphinda, amene kawirikawiri ankakhala kumbuyo, adaimirira ndi ndodo yake nanena kuti iye ngalawa akuidziwa, ndipo akamuthandiza apanga ina yofanana ndi imene idamira ija, nakawatsitsa onse padooko la kwawo patsinde pa Mphanda, pamene mlongo wake, ngati ali moyo, adzawalandira.

Amene adatsutsa kwambiri adali Chiutula, mkulu wosema mabwato. Iye adati chinthu cholumikiza matabwa ndi dengu basi, ndipo sadaonepo munthu akuoloka nyanja m'dengu. Koma popeza nzeru ina padalibe, adanola kasemasema wake nakhala woyamba kugwetsa mbawa. Ankang'amba mitengoyo ndi zikhomo n'kuisema mpaka kukhala matabwa. Wosula wina adasungunula unyolo umene anthu adabwera nawo, pamodzi ndi makasu akutha, napanga misomali. Amayi ankatola thonje lakutchire, kuyenga mafuta a nsatsi ndi kupota zingwe za khungwa la mlambe, ndipo Namphadwe ndi anzake adaluka mikeka yamlaza n'kuisoka pamodzi kuti ikhale thanga. Pa nthiti za ngalawa pankafunika nthambi zokhota, ndipo apa diso la Kamphinda lidagwira ntchito koyamba m'moyo wake, pakuti chokhota ankachiona ali patali.

Ankayeza zonse ndi thupi lake. Ankatsinzina, n'kutambasula mkono monga ankachitira mumdima muja, n'kunena kuti nthiti yotsatira ikhale apa. Tsiku lina Chiutula adamufunsa kuti kunsi kwenikweni kwa ngalawa kumakhala chiyani. Kamphinda adayankha kuti kumakhala madzi, pansi pa madzi miyala, pansi pa miyala matabwa, ndipo kupitirira apo ndi nyanja. Chiutula adavomera, chifukwa bwato nalonso kunsi kwake n'kosalala, ndipo sadaone chifukwa choti dengu lisiyane ndi bwato pamenepo. Palibe amene adanama ndipo palibe amene adachita ulesi. Akadafunsa yani? Onse amene adakwerapo ngalawa yotere adaikwera atagonekedwa pansanja.

Mwera utayamba kuomba, ngalawa idatha. Mlongoti wake udali wa mlombwa wongodula kumene, chifukwa nthawi youmitsa padalibe. Amayi adakana kusiya mphero zawo, ndipo Kamphinda adati aziike pansi m'malo mwa miyala. Adaiyesa ndi nkhafi m'kagombe kawo kopanda mphepo, ndipo idayenda bwino kotero kuti Chiutula adangokhosomola. M'mawa wina, utsi woyamba wa tchire utaoneka kumapiri, adakweza ana, nkhuku, mbewu ndi moto wa m'phale, nakweza thanga lamikeka lija, nanyamuka.

Aka kadali koyamba Kamphinda kuona nyanja ali pamwamba pa ngalawa, ndipo amati kwa kanthawi adaiwala kuti wagwira chiwongolero. Anthu ambiri adadwala ndi mafunde, ana adalira mpaka kutopa, ndipo amuna ankasinthana kukapa madzi, aliyense akutuluka m'munsimo akudabwa kuti munthu adakhalamo bwanji zaka zonse zija. Mtunda wa kumbuyo udazimirira, ndipo kwa nthawi yaitali sadaone china koma madzi ndi thambo. Kenaka mapiri a kumadzulo adayamba kutuluka, ndipo pakati pawo padaoneka nsonga ziwiri zija. Kamphinda adalozetsa mphuno ya ngalawa pa Mphanda, ndipo chimwemwe chake chidali chachikulu.

Woyamba kuona kuti zinthu sizili bwino adali Chiutula. Adayang'ana mzere wa thovu umene ngalawa inkasiya, ndipo adaona kuti sukuchokera kumbuyo koma m'nthiti. Mphuno inkaloza Mphanda, koma phirilo linkasendera kumanzere pang'onopang'ono. Ngalawa inkayenda cham'mbali, mwera ukuikankhira kumpoto. Adakoka zingwe, adasuntha mphero, amuna onse adagwira nkhafi kupalasa mbali imodzi mpaka zikhatho kusupuka, koma mphepo inkakula ndipo ngalawa inkangotsetsereka pamadzi. Mayi wina ndiye adati, osati moseka, kuti akwera nkhanu.

Adadutsa pafupi ndithu. Kamphinda adaona mkuyu waukulu wa padooko pamene ankasewera ali mwana, adaona utsi wa m'mudzi, adaona anthu ngati nyerere akuthamangira kumadzi. Kupitirira nsonga ya mtunda imeneyo gombe limabwerera kutali kumadzulo, ndipo iye ankadziwa kuti akaphonya apa, waphonyeratu. Adasiya chiwongolero, navula nsalu yake, naika phazi pamphepete kuti adumphe. Namphadwe sadamugwire. Adangoima pambali pake ndi mwana kumsana nati, "Dumphani, bambo, kwanu ndi uko. Koma mutiuze kaye amene agwire mtengowu, chifukwa ife tonse sitiudziwa."

Kamphinda adayang'ana anthu amene adadzaza m'ngalawamo, nayang'ananso mkuyu uja. Kenaka adabweza phazi lake nagwiranso chiwongolero, ndipo misozi inkatsika osaipukuta. Padooko paja padanyamuka mabwato angapo kuwalondola, ndipo anthu adayamba kukuwa poganiza kuti abale akubwera kudzawathandiza. Pomwepo nkhungu, tizilombo touluka tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, zidadzuka m'madzi ngakhale siidali nyengo yake, ndipo zidaima ngati khoma pakati pa ngalawa ndi mtunda. Pamene zinkabalalika, mabwato aja adali atabwerera ndipo Mphanda adali kumbuyo.

Mwera udawanyamula mpaka kutali kumpoto, ndipo udakawatula pamathiriro a mtsinje wina, pamalo a bango ndi mchenga pamene pankangofika asodzi apaulendo. Ngalawa idakhudza mchenga ndi nthiti, osati ndi mphuno, ndipo malowo adatchedwa Cham'mbali kuyambira tsiku limenelo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adatayika panyanja. Nthaka idali yabwino, nsomba zidali zambiri, ndipo anthu adayamba kumanga akuthokoza.

Kamphinda yekha ndiye sadathokoze. Miyendo yake siikadamufikitsa ku Mphanda, ndipo amuna awiri amene adawatuma adabwerera panjira atapeza midzi yotenthedwa ndi njira zodzaza ndi anthu amfuti. Iye adakokera ngalawa pamchenga, namangolowa m'kati mwake tsiku ndi tsiku, kupapasa nthiti imodziimodzi kufuna pamene adalakwitsa, koma chilichonse chidali pamalo pake. Adaonda, adakhala waukali, ndipo anthu akamutamanda kuti adawapulumutsa ankawatembenukira msana. Mlongoti adauzula n'kuuzika pamtunda kuti azimangirirapo ngalawayo. Mvula itagwa, mlongotiwo udaphuka masamba, ngakhale udali utasendedwa khungwa ndi kuoloka nyanja, ndipo nthambi zake zonse zidaloza kum'mwera.

Mvula imeneyo itatha, kudafika namwali wina wowonda, mapazi ali ong'ambikang'ambika, akufunsa za ngalawa yoyenda cham'mbali. Adati wakhala akufunsa mudzi ndi mudzi m'mphepete mwa nyanja, ndipo kulikonse anthu ankayamba aseka kaye kenaka n'kumulozera kumpoto. Adamutengera kwa Kamphinda, amene adali m'ngalawa muja monga mwa masiku onse. Namwaliyo adagwada pamchenga nanena kuti dzina lake ndi Chatsalira, mwana wa Nalinde wa ku Mphanda, ndipo akufuna munthu amene adasema ngalawayi.

Zimene adafotokoza ndi izi. Nalinde adapulumukadi m'bango muja ndipo adabereka iyeyo. Adakhala zaka zambiri akufunsa aliyense wochokera kunyanja za mlongo wake. Pambuyo pake amalonda aja adamanga linga padooko penipeni, patsinde pa mkuyu, ndipo anthu onse a m'mudzimo adasanduka akapolo awo. Tsiku limene ngalawa yachilendo idaoneka, anthu amene ankathamangira kumadzi aja adali alonda a lingalo ndi mfuti zawo. Ataona mitu yambirimbiri m'ngalawamo adakondwa, nati katundu wadzibweretsa yekha, ndipo ena adayamba kale kukonza magoli. Adadikira, mphuno ya ngalawa ikuwaloza ndithu, koma ngalawayo idangowadutsa ikuwayang'ana.

Nalinde pa nthawiyo ankasinja chakudya cha alondawo mumtondo wopendekera uja. Ataona kayendedwe ka ngalawayo adasiya munsi, naseka mpaka kukhala pansi, munthu amene adali asanasekepo chimangireni lingalo. "Adandikokera pafupi," adatero Chatsalira, "ndipo adati, 'Imeneyo wasema ndi Kamphinda, palibenso wina padziko. Ali moyo mwana wa mayi anga. Ukapeza mpata uitsate, ukawauze amalume ako kuti mtondo wawo ndikusinjirabe.'" Mpatawo udapezeka pamene atsikana adatumidwa kukadula bango. Koma usanapezeke, Nalinde adali atakwezedwa kale m'ngalawa ya amalonda, pamodzi ndi amayi ena, kupita kutsidya la kum'mawa kumene Kamphinda adachokera.

Kamphinda adamva zonsezi atakhala pamphepete pa ngalawa, ndipo sadalire pamaso pa mwanayo. Adaitana Namphadwe kuti amusambitse ndi kumupatsa chakudya, nalengeza kwa onse kuti uyu ndi mwana wa mlongo wake, tsinde la mbumba ya kwa Linde pamalo ano. Funso limene adalisenza kuchokera tsiku la kudimba lija lidayankhidwa, koma yankho lake lidamupweteka kuposa funsolo, pakuti adadziwa kuti mlongo wake adamuona akudutsa.

Patapita masiku, Chatsalira atapezako mphamvu, adayamba kuizungulira ngalawayo. Iye adakulira padooko pamene ngalawa za amalonda zinkagonekedwa pamchenga, ndipo ana ankatumidwa kukazipala ndere. Adasuzumira kunsi, nafukula mchenga ndi dzanja, nafunsa mwaulemu kuti, "Amalume, nanga msana wake mudauchotsa?" Kamphinda adafunsa kuti msana wanji. Mwanayo adafotokoza kuti ngalawa iliyonse kunsi kwake kumakhala mtanda waukulu wochokera kumphuno mpaka kumbuyo, wotulukira m'madzi ngati chipsepse cha nsomba, ndipo amalinyero amati ndi umene umaluma madzi kuti mphepo isakankhire ngalawa kumbali. Adaulemba pamchenga ndi chala kuti aone kutalika kwake.

Kamphinda adauyang'ana mzerewo nthawi yaitali. Zaka zonse zija adali ataimirira pamwamba pa mtandawo, pakati pawo pali miyala ndi thabwa limodzi lokha. Ukadakhalapo, akadafika padooko la kwawo monga adalonjezera, akadamuona mlongo wake maso ndi maso, ndipo anthu onse amene adamukhulupirira akadalowa m'goli pamodzi ndi ana awo. Adangoti, "Mtengo umodzi wokha."

Chiutula, amene tsopano adali ataikonda ngalawayo kuposa mabwato ake, adati mbawa m'derali n'zambiri, ndipo mwezi usanathe akhoza kusema mtandawo n'kuukhoma, Nkhanu, monga ankaitchulira tsopano, n'kuyamba kuyenda ngati ngalawa zinzake. Anthu adavomereza kuti ndi nzeru yabwino. Kamphinda adapukusa mutu. "Isiyeni momwemo," adatero. "Mukaiwongola, alongo anga akadzaiona pena pake adzaizindikira bwanji?"

Kuyambira chaka chimenecho, mwera ukayamba, ankalamula kuti Nkhanu ikankhidwire m'madzi ndi kukwezedwa thanga pa mlongoti wina watsopano. Ankaitulutsa kutali ndithu, kufikira pamene mapiri a kum'mawa amaonekera, kuti ngati kutsidyako kuli munthu wosinja pafupi ndi gombe aione. Mphepo inkakawataya kumpoto monga mwa khalidwe lake, ndipo ankabwerera ndi nkhafi ndi zingwe m'mphepete mwa gombe, amuna akung'ung'udza njira yonse koma chaka chotsatira n'kupitanso. Adachita zimenezi mpaka adakalamba, miyendo itaferatu, akuchita kumunyamula kuti akamukhazike pachiwongolero. Nalinde sadabwere, ndipo palibe amene adamva za iye.

Kamphinda adaikidwa patsinde pa mlombwa uja. Udindo wake sudapite kwa ana ake a mwa Namphadwe, koma, monga mwa mwambo, kwa mwana wa Chatsalira, dzina lake Mtsilizeni. Mtsilizeni adasiyira Kaliwamba, mwana wa mlongo wake Nankhwazi, ndipo kuchokera mwa Nankhwazi ndi mmene mudatuluka mabanja onse a kwa Linde amene ali ku Cham'mbali lero. Ana a Namphadwe ndiwo adasunga luso la mikeka, ndipo zidzukulu za Chiutula zikusemabe mabwato. Ngalawa yeniyeniyo idaola pang'onopang'ono pamchenga, matabwa ake ena adakhala zitseko, ndipo mwambo woitulutsa udazirala kwa mibadwo ingapo.

Zaka zaposachedwapa anthu a m'mudzimo adagwirizana zopanga ina yofanana nayo, kuti ana aone ndi maso zimene ankangozimva. Adaitana mmisiri wodziwika wa maboti amatabwa, bambo Fanuwelo Mkwaila, ndipo akuluakulu adamufotokozera kukula kwake, thanga lamikeka, ndi mphero za pansi. Mmisiriyo adamvetsera zonse, ndipo pamapeto pake adanena mosabisa kuti ngalawa yopanda msana wa kunsi ndi yovuta, idzawatopetsa chaka ndi chaka, ndipo anthu oiona adzati iye sadziwa ntchito. Adapempha kuti aikeko kamtanda kakang'ono kokha, koti sikadzaoneka ngalawa ili pamadzi. Amene adamuyankha adali mayi Esinati, mdzukulu wa Nankhwazi, amene pa nthawiyo ndiwo adali aakulu pa mbumba yonse. "Mukunena zoona, bambo Mkwaila, ndipo ntchito yanu tikuidziwa," adatero. "Ikhoza kuyenda bwino kwambiri. Koma a Nalinde sanafikebe."

Mmisiriyo adaipanga monga adamuuzira. Amene angapite ku Cham'mbali lero adzaupeza mlombwa uja ukadalipo, wokalamba, nthambi zake zitaweramira kum'mwera, ndipo patsinde pake pali manda ozunguliridwa ndi mphero zakale zosalala ndi madzi. Chapafupi pali chisakasa chaudzu mmene imakhala Nkhanu yatsopano. Chaka chilichonse mwera ukayamba amaikankhira m'madzi, mphuno yake n'kuloza kutsidya, iyo n'kumatsetsereka cham'mbali kupita kumpoto, boti la injini likuitsatira kuti likaikoke pobwerera. Alendo amaseka, ndipo eni mudzi amaseka nawo. Koma mtondo umene amayi a kwa Linde amautulutsa tsiku limenelo n'kuuimika pamchenga ndi wopendekera, wotchinjirizidwa ndi mwala, ndipo munsi wake amaugoneka pambali popanda wougwira.